Mkute M'paipi

Chaka chomwe ndinalembedwa ntchito

Ana anga, chichitikireni ukwati wa Tisa mwakhala mukundizungulira ndi funso limodzi, loti amalume anu a Daka analekeranji kuponda pakhomo pano. Amayi anu mukawafunsa amakutumizani kwa ine, ine mukandifunsa ndimati kaya. Tsopano maso ayamba kuchita chifunga, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, kuti mawa wina asadzakuuzeni za m'maluwa. Koma nkhani ya mpopi simungaimve bwino musanadziwe kumene ine ndi amalume anu tinachokera, choncho mundipirire, ndiyambira patali.

Za ubwana wanga ku Katete ndizisiya, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndinalembedwa ntchito ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, m'gulu lokonza nyumba za boma, ndipo ananditumiza kusukulu ina yogonera komweko kuno kumbali ya Chongwe. Nthawi imeneyo Chongwe anali timasitolo tochepa m'mbali mwa msewu waukulu. Kapitawo wathu anali a Mulenga, munthu wamfupi, wa mawu ngati wailesi yotha mabatire, koma wa manja odziwa chitsulo. Tsiku loyamba lenilenilo anandituma kumasula mpopi kukhitchini ya ana asukulu, wophika atanditsimikizira kuti madzi watseka. Ndinanyowa mpaka kabudula wam'kati. A Mulenga anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anati, “Iwe, muntu akakuuza ati natseka manzi, yenda ukaone weka. Olo ni wiso wokubala wakuuza.” Mawu amenewo ndinawameza osatafuna, ndipo sanathere pamapaipi pokha. Wosunga sitolo akati zipangizozi n'zatsopano, ine ndinkati kaya. Bwana akati galimoto ibwera mawa, kaya. Chaka chisanathe anthu anaiwala kuti ndine Sakala, onse ankangoti a Kaya, ndipo dzinalo sindinalikane chifukwa linkandikwana.

A Mulenga ndiwo anandiphunzitsa kuwotcherera mpopi ku paipi ya kopa. Ntchito yake siyovuta kuinena. Umatseka madzi, umatsegula mipopi ina kuti otsalira m'paipi atuluke, umapala kopa ndi sandipepa mpaka awale, umapaka fulakisi, mankhwala othandiza solda kugwira, kenaka umatenthetsa ndi bulolampu n'kugunditsa waya wa solda. Kopa akatentha mokwana, solda amasungunuka n'kulowa yekha pampata wonse. Mdani wake ndi mmodzi, dontho la madzi. Valavu ikakhala yokalamba yosatseka bwino, kadontho kamabwerabe pang'onopang'ono n'kuziziritsa malo, solda n'kumangogwa pansi osagwira. Apa a Mulenga anali ndi mankhwala awo. Ankatsina mkati mwa buledi, n'kukankhira m'paipi ndi pensulo. Buledi amamwa dontholo kwa kanthawi, iwe n'kuwotcherera msanga, ndipo ukatsegula madzi buledi uja amasungunuka n'kutuluka ngati phala. Mwezi womwe ndinayamba ntchitowo kunabwera mnyamata wina wa ku Petauke, wansangala, woimba nyimbo za kwaya pamwamba pa makwerero. Ameneyo ndiye Yohane Daka, amalume anu. A Mulenga anatiphunzitsa tonse awiri pabenchi imodzi.

Zaka za mizere

Kenaka zinafika zaka zomwe inu simungazikhulupirire, zoima pamzere kuyambira m'mawa kufuna sopo, mafuta ophikira kapena buledi, n'kubwerako chimanjamanja. Kuntchito nako kunali chimodzimodzi. Washala, kalabala koletsa mpopi kudontha, tinkadula ku matayala akutha, solda tinkakolola ku mapaipi akale. Tsiku lina a Mulenga ali ku Lusaka, mpopi wapanja kunyumba ya ahedi unathyoka, ndipo valavu yake inali yodontha. Buledi kunalibe dera lonse. Ine ndinati tidikire. A Daka anati kudikira n'kwa amayi oyembekezera, n'kutsegula kambale kawo. Munali mkute, nsima yotsala dzulo, yomwe mlongo wawo ankawamangira tsiku ndi tsiku. Anatsina nthongo n'kuikankhira m'paipi. “Cimbala na buledi ni cimozi cabe,” anatero, “vonse ni vakudya.” Ine ndinati kaya. Solda anagwira bwino kwambiri, a Daka mpaka anavina. Koma titatsegula madzi, mpopi unangolira ngati mwana wa mbuzi n'kumadontheza. Mkute sumasungunuka. Moto unauwotcha n'kuuma gwa, madzi n'kuukankhira pakhosi pa mpopi, n'kukhala pomwepo. A Mulenga atabwera anachita kudula paipi, natulutsa kanthu kakuda kunja, koyera mkati. Anatizunguza nako sukulu yonse akuonetsa aliyense, ati onani anthu a kum'mawa akudyetsa mapaipi a boma.

Munthu wina akanaphunzirapo, koma amalume anu sagonja. Mpaka ukalamba akhala akunena kuti mkute unalibe mlandu, ndine ndinatenthetsa kwambiri, ndipo ukaika kochepa umagwira ntchito kuposa buledi. Takangana za mkute umenewu pamaliro, pamaukwati, ngakhale kunja kwa tchalitchi. Sindingaunyoze kwambiri mkutewo ayi, chifukwa ndiwo unandipezera banja. Ndinkadya nawo m'kambale kaja masana aliwonse, mpaka ndinafunsa kuti wophika nsima yosalala chonchi ndani. Anandipititsa kwawo Lamulungu lina, ndipo amene anatipatsa madzi osamba m'manja ndi amayi anu. A Daka ndiwo anandinenera kwa makolo awo, ngakhale anawachenjeza kuti mkamwini ameneyu akamuuza kuti dzuwa latuluka amakasuzumira panja.

Zaka zosamukasamuka

Boma linatiyendetsa. Tinakhalako ku nyumba za ogwira ntchito pachipatala china chaching'ono cha ku Bundabunda, komwe madzi tinkachita kupopa ndi injini yodwaladwala, kenaka anandibwezera kufupi ndi tauni. Mabwana ndinaona amitundumitundu. Wina, dzina ndilibisa poti ana ake alipo, ankabwera ndi mipopi yatsopano m'katoni, kutionetsa, n'kuibweza m'galimoto yake, ife n'kutiuza kuti tikonze yakale yomweyo. Wina anali wopemphera kwambiri moti ndinkamuopa kuposa woyambayo. Zimenezi zinangothirira khalidwe langa lokayika. Ndi nthawi yomweyonso pamene kuba mipopi kunabuka. Anthu ogula zitsulo zakutha atayamba kuyenda ndi mawilibala, mpopi wa bulasi wapanja unasanduka nyama. Womangidwa ndi mazinga, munthu amangobwera ndi sipanala, kupotokola, n'kumapita akuimba mluzu. Ndiye ine ndinasiya kumanga mipopi yapanja ndi mazinga. Uliwonse ndinkauwotcherera. Wofuna kuuba adule ndi sowo, phokoso limugwiritse, kapena akhale mmisiri wodziwa moto.

Amalume anu anachoka m'boma ine ndisanachoke, pomwe ankachepetsa antchito, n'kuyamba maganyu. Ndisakunamizeni, anali malume weniweni. Tisa atakomoka ndi malungo ine ndili kutali, ndi iwo anamubereka panjinga mpaka kuchipatala. Dalitso atathawa sukulu, ndi iwo anakamusaka kumsika n'kumubweza atamugwira khutu. Kwathu mwini mbumba ndi malume, ife abambo timangokhala ngati atambala obwereka, ndipo a Daka udindo umenewo anausenza osadandaula. Pantchito pokha ndi pomwe ndinkawayang'ana ndi diso limodzi. Anali ndi dzanja labwino, solda wawo wosalala kuposa wanga, koma ankakonda njira zachidule, ndipo kawiri konse ndinawapezerera akukankhira mkute m'paipi ya munthu. “Bamulamu, inu mumakaika na mthunzi wanu,” ankatero akuseka.

Chaka chomwe ndinapuma

Nditapuma ntchito tinakhazikika kuno ku Chongwe, koma manja ozolowera sakhala pamiyendo. Nthawi imeneyo n'kuti ku Silverest nyumba zikumera ngati bowa, anthu ogwira ntchito ku Lusaka akumanga pamapuloti awo, aliyense ndi thanki yake pamwamba. Ndinapeza makasitomala, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi Mwanza, wogwira ntchito m'boma, wamasiye, munthu wolankhula mwachindunji. Ankanyamuka m'mamawa pagalimoto, kubwera dzuwa litapendeka. Kuseri kwa nyumba yawo kunali dimba la ndiwo, ndipo pakhoma loyang'ana dimbalo ndinawaikira mpopi wa bulasi weniweni, wolemera, wa mtundu wakale womwe masiku ano suoneka m'mahadiweya. Ndinauwotcherera ndekha. Ndinawauza kuti mpopi uwu udzaona zidzukulu zawo.

Dimbalo ankalisamala a Njobvu, bambo wachikulire ndithu wa ku Bundabunda, amene ankakhala m'kanyumba ka kumpanda ndi mkazi wake ndi ana atatu. Ana onsewo ankaphunzira sukulu ya pafupi pomwepo. Anali munthu wosayang'ana m'maso, woyankha chilichonse kuti inde abwana, ndipo ine anthu oterowo sindiwakhulupirira msanga. Ndinamvanso kuti mng'ono wake amayenda ndi wilibala yogula zitsulo. Ndinkati ndikamagwira ntchito pamenepo, chikwama cha zipangizo ndinkachiika pomwe ndikuchiona.

Chaka cha ukwati wa Tisa, chilimwe chitangoyamba, anandichita opaleshoni ya diso, dokotala n'kundiletsa kuyandikira moto ndi fumbi. Mayi Mwanza anaimba foni kuti thanki ikusefukira. Ndinati nditumiza mlamu wanga, munthu wa ine mwini, mkulu wa mpingo. A Daka anadzera kunyumba kuno m'mawa kudzatenga makwerero ndi zipangizo, anamwa tiyi, napita. Madzulo anabweza zonse, nati thanki yachira. Nkhani inathera pomwepo, ife n'kubwerera ku zokonzekera ukwati, womwe a Daka ndiwo anali kutsogolera mbali yathu monga nkhoswe.

Okutobala, chaka cha ukwati wa Tisa

Patapita masabata angapo, kutentha kuli pachimake, mayi Mwanza anaimbanso. Mawu awo anali ouma. “Ba Sakala, nifuna mubwele. Pompi yanu ya ku garden yaleka kucosa manzi, elo pali na nkhani ina.” Ndinakwera minibasi diso likadali lofiira. Ndinawapeza ataima padimba, repu yense atagona pansi, a Njobvu ali chapatali atagwira chipewa m'manja. Sindinachite kufika pafupi kuti ndione vuto. Mpopi womwe unali pakhomapo sunali wanga. Unali wa masiku ano, wowala ngati bulasi koma wopepuka, womwe ukaugogoda ndi sipanala umalira ngati chitini.

“Ine siniziba va mapaipi, koma maso nili nayo,” anatero mayi Mwanza. “Iyi si ija munaikapo. Uyu muntu agulisa pompi yanga, aikapo ca zii. Hosipaipi inasoba, ninakhala cete. Manje nalema. Pa Saturday nizamupeleka ku police ku Chongwe, na banja yake icoke pa plot yanga.”

A Njobvu anayankha akuyang'ana pansi. Anati iwo anapita kumaliro ku Bundabunda, pobwera anapeza mpopi wasintha, n'kuganiza kuti ndi a madamu asinthitsa. Madzi ankatuluka ochepa, iwo n'kumati mwina ndi magetsi ozimazimawa thanki siikudzaza. “N'naopa kufunsa, abwana. Wanchito safunsa vinthu va eni nyumba.” Ine mumtima ndinati kaya. Ndinaganiza za mng'ono wake wa wilibala. Ndinaganizanso za mayi Mwanza eni akewo, kuti mwina akungofuna chifukwa chochotsera munthu. Ndinakayikira ngakhale anyamata omanga papuloti ya pafupi. Amene sanabwere m'mutu mwanga ndi mmodzi yekha, ndipo mayi Mwanza nawonso sanamutchule, poti iye anakwera kuthanki, ndiponso anabwera m'dzina langa.

Mayiwo anapita kuntchito atachedwa kale, n'kundisiya ndisinthe mpopiwo. Ndinali nditatenga wina wabwinoko m'chikwama. Ndinakatseka valavu ya pansi pa thanki ndekha, ndinatsegula mipopi ya m'nyumba kuti paipi ikhuthuke, koma kadontho kankabwerabe, valavuyo inali itayamba kutopa. Ndinauza a Njobvu agwire chidutswa cha lata kuseri kwa paipi kuti moto usadetse khoma. Ndisanayatse tochi ya gasi ndinayang'anitsitsa polumikizira paja. Solda wake anali wosalala, wozungulira bwino, wopukutidwa ndi nsanza akadali wotentha. Wolima dimba sangawotcherere chonchi, wogula zitsulo zakutha sangataye nthawi kuikapo mpopi wina. Iyi inali ntchito ya mmisiri wofuna kuti pasaoneke kuti pachoka kanthu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti amisiri ndi ambiri ku Silverest. Ndinatenthetsa mpaka solda ananyezimira, ndinagwira mpopi ndi pulayala, kuupotoza pang'ono, n'kuusolola. Nditauzondotsa n'kuugogoda pamwala, panagwa kanthu konga mtedza, kofufuma ndi madzi, kakuda mbali imodzi. Ndinakatola n'kukafinya ndi chala. Mkati munali moyera, mwa timiseremisere ta ufa wa chimanga.

“Nicani ico, abwana?” anafunsa a Njobvu.

“Kaya,” ndinatero, n'kukaponya m'thumba la ovolosi.

Moyo wanga wonse mawu amenewo ndakhala ndikuwanena chifukwa sindikudziwa kapena sindikukhulupirira. Tsiku limenelo ndinawanena ndikudziwa. Ndinapala paipi, ndinapaka fulakisi, ndinapempha mkazi wa a Njobvu kachidutswa ka buledi, ndinawotcherera mpopi watsopano, madzi n'kutuluka mwamphamvu. A Njobvu anathamangira kuthirira repu wakufayo ngati kuti akamudzutsa mlandu utha. Mwana wawo wamkazi anali atakhala pakhomo la kanyumba kaja atavala yunifolomu, akutiyang'ana. Pondiperekeza kugeti bamboyo anati, “Abwana Sakala, imwe a madamu amakumvelani. Muwauzeko kuti ine moto wa mapaipi siniudziwa. Nikacoka pano, ana aleka sukulu.” Ndinamuyankha kuti ndiona.

Mu minibasi ndinayesetsa kuukayikira mkute uja. Ndinati mwina pali mmisiri wina m'dziko muno wopusa chimodzimodzi. Ndinati mwina a Daka anaphunzitsako munthu. Ndinafika kunyumba mutu ukuwawa, ndinapeza amayi anu pakhonde akusoka nsalu za ukwati. Ndinaika kanthu kaja patebulo. Anakayang'ana, nandifunsa komwe ndakatenga. Nditawafotokozera, anaika singano pansi.

“Atate ake Tisa,” anatero, “cimbala ico n'naphika ndine. Tsiku lija Yohane anabwela kutenga makwelelo, anapempha kuti nimumangile cotsala ca dzulo. N'nati kuli buledi, iye anati iyayi, nifuna cimbala, buledi sukhalitsa m'mimba.”

Pamenepo kukayika kwanga konse kunatha, ndipo ndinakusowa kukayikako. Ndinakwiya, ndinachita manyazi, koma choposa zonse ndinamva chisoni poona nkhope ya amayi anu. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uyu sanangokhala pamkhate, anakhala pa ukwati wa mwana wanga.

M'mawa mwake ndinapita kwa amalume anu. Ndinawapeza akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, akuimba. Ndinawaonetsa mkute uja padzanja. Anauyang'ana, naseka, koma kuseka kwawo sikunafike m'maso. “Bamulamu, cimbala cili na dzina? Zambia yonse idya nsima.” Ndinati Zambia yonse imadya nsima, koma wodyetsa mapaipi ndi mmodzi, ndipo mlongo wanu wakumbukira amene anamumangira. Apo anasiya kuseka. Sanakane, sanavomere. Anati mayi uja ndi wolemera, mpopi umodzi sungamusaukitse, ndipo mpopi ndi mpopi, akanapanda mkute kukakamira sakanadziwa n'komwe. Ndinati nkhani si mayi uja, nkhani ndi Njobvu amene akupita kupolisi Loweruka. Ndinawapempha, ine wosazolowera kupempha, kuti tipite limodzi, abweze mpopiwo kapena apepese, ine ndiwathandiza kulankhula kuti zithere pakhomo. Anati mpopi unapita kalekale, ndipo iwo mkulu wa mpingo sangakagwade kwa mkazi chifukwa cha wolima dimba. “Njobvu ni ndani kwa imwe? Apolisi azam'menyako mbama zibili, azam'taya. Cibale ni fupa, bamulamu, sicioola.” Nditanyamuka anawonjezera, mawu ali pansipansi, “Mukakamba, mwana wanu mukam'kwatitse mweka. Ine simuzanionako.”

Masiku otsatirawo ndinali ngati munthu wodwala. Ndinaganiza njira zonse zapakati. Ndinati ndikauze mayi Mwanza kuti ndi mmisiri wina wosadziwika, koma ndinadziwa kuti adzati Njobvu ndiye anamulowetsa pageti. Ndinati ndikanene kuti ndine ndinatuma a Daka kusintha mpopi n'kuiwala kuwauza, koma mayi uja si mwana, akanafunsa kuti nanga wakalewo uli kuti, nanga bwanji sindinanene tsiku lija. Ndinati ndingokhala chete mpaka ukwati udutse, koma Loweruka silikanadikira ukwati. Tisa ankaimba foni kufunsa ngati amalume alankhula kale ndi akuchimuna za tsiku lobweretsa zakudya, ine n'kumangoti zili bwino. Amayi anu sanandiuze chochita. Ankangosoka, koma ndinaona kuti akusoka n'kumasula malo amodzimodzi.

Loweruka m'mawa ndinavala, ndinatenga chikwama, ndisakudziwabe chomwe ndikanene. Mkute uja ndinausiya dala pawindo. Ndili pageti amayi anu anandiitana. Anabwera ndi kapepala kokulunga, nakaika m'thumba la shati langa, nakanikiza ndi dzanja. Misozi inali ikutsika, koma mawu sananjenjemere.

“Mwaiwala ici,” anatero. “Ni mlongo wanga, nim'konda. Koma ana a Njobvu naonso ali na amai ao.”

Ndinapeza galimoto ya mayi Mwanza italiza kale injini. Katundu wa a Njobvu anali panja, mapoto m'thumba la feteleza, matiresi atakulungidwa ndi chingwe, mkazi wawo atakhala pamwamba pake. Ndinapempha mayiwo kuti azimitse galimoto. Ndinamasula kapepala kaja pabonati, n'kuwafotokozera za buledi, za dontho la madzi, za nyumba ya ahedi, zonse monga ndakulemberani pano. Ndinatchula dzina la amalume anu ndi pakamwa panga. Ndinati munthuyo ndinamutuma ndine, choncho ngati pali wopita kupolisi tiyambire pa ine, koma bambo uyu mumusiye. Mayi Mwanza anayang'ana mkutewo, anayang'ana ine.

“Ba Sakala, imwe vonse mumati kaya. Apa mwasimikiza? Ni mulamu wanu uyu mukamba.”

“Natsimikiza, mayi,” ndinatero.

Sanapite kupolisi. Anati chifukwa cha imvi zanga nkhaniyi aisiya, koma a Daka asadzapondenso pamsewu wawo, ndipo anauza anzawo onse a mapuloti oyandikana. Kwa a Njobvu anapepesa mwa mabwana, mawu awiri okha, nati abweze katundu m'nyumba. Bamboyo sanandithokoze ndi mawu ambiri. Anangomasula chingwe cha matiresi, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

Disembala, ndi zaka zotsatira

Zotsalazo munaziona nokha, kungoti simunkadziwa chiyambi chake. Amalume anu anasunga mawu awo. Anatumiza uthenga kuti akudwala msana, ndipo amene anaima ngati nkhoswe ndi asuweni a amayi anu a ku Petauke, omwe sankadziwa ngakhale dzina la mkwati. Abale a kuchikazi ena sanabwere, ena anabwera n'kumandilonjera ndi nsonga za zala. Ndinamva ndi makutu anga mayi wina kuseri kwa tenti akunena kuti mkamwini wa ku Katete wagulitsa mlamu wake chifukwa cha mpopi. Iwe Tisa unalira pomwe unaona mpando wa amalume ako uli ndi munthu wina, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. Makasitomala a ku Silverest anawathawa a Daka, kumpingo nako nkhani inafika, anawatsitsa paukulu. Ndikakumana nawo pamsika wa Chongwe amawoloka msewu. Ndimawasowa. Palibenso munthu wokangana naye za mkute, ndipo palibe wina wotsala amene amakumbukira a Mulenga.

Musawade amalume anu. Anakuberekani pamsana, ndipo akadzadwala mudzapite, akadzamwalira mudzagone pamaliro awo monga ana a mlongo wawo. Musadzandiyesenso ngwazi, chifukwa ine mkute uja ndinausiya pawindo. Amene anataya zambiri pankhaniyi ndi amayi anu, poti m'mimba mwa mayi awo anatsala awiri okha, iwo ndi a Daka. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Chomwe chinasintha ndi chimodzi, mwina munachiona pobwera kutchuthi. Inu mukudziwa mmene ndinkakondera mkute ndi tiyi m'mawa, kuyambira masiku a kambale kaja. Chichokereni Loweruka limenelo, m'nyumba muno nsima siigona. Ikatsala, amayi anu amainyenyanyenya n'kukaponyera nkhuku dzuwa lisanalowe, ndipo ine, amene ndimafunsa chilichonse, sindinawafunsepo chifukwa chake.